Mulibe Chilolezo

"Tangotsekani, alamu, mafunso achuluka," anatero manijala, ataima kumbuyo kwa katswiri wa makompyuta, mwamuna wa mchemwali wake.

Pa seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo onse a pa ofesi yawo, panali gulu latsopano lomwe manijalayo anapanga yekha. Ankafuna kuti onse a m'gululo asathenso kutsegula mafoda a kampani, kaya ali mu ofesi kaya kunyumba.

"Muli ndani m'gulumu?"

"Amene akuchotsedwa ntchito lero. Akamva angafufute mafayilo. Mayina ndi chinsinsi, inu dinani basi."

Katswiriyo mtima unamuwawa, poti onse pamalopo anali anzake odya nawo limodzi masana. Koma akanamukanira bwanji mlamu wake? Anadina. Manijala anamusisita paphewa, n'kukadzitsekera mu ofesi mwake.

Posakhalitsa mlembi anasuzumira pakhomo. "Achimwene, foda ya makalata ikundikana. Akuti ndilibe chilolezo."

Katswiriyo anayang'ana kumbali. "Mwina ndi netiweki, mayi. Ndione kaye."

Pofuna kuoneka wotanganidwa, anadina foda yake ya ntchito, yomwe anaikonza ndi manja ake seva itangofika kumene. Sinatseguke. Anadinanso. Uthenga unali womwewo: mulibe chilolezo.

Anaimbira mlamu wake, ndipo anaimva foniyo ikulira kuseri kwa khoma mpaka inaduka yokha.

"Ndidikire kapena ndibwerenso?" anafunsa mlembi.

Katswiriyo anawakokera mpando.

"Khalani pansi, mayi. Tidikire limodzi."