Khadi la Kathumba la a Purice

"Khadi lokhala ndi kathumba, mabowo awiri, lolowa bwinobwino m'fayilo! Ku Ulaya konse palibe anaganizapo," anatero a Octavian Purice pakhonde, mokweza kuti ndi alonda omwe amve.

Mayi Smaranda anamva, koma sanadzutse mutu. Ntchito yawo mu ofesi yolembetsa umwini wa zinthu zatsopano inali kuweruza ngati chinthu n'chatsopanodi, kapena n'choti wina aliyense akanachiganiza. A Purice, amene kale anali bwana wa ofesi yomweyi, anali atagulitsa munda wawo wa mpesa n'kusindikiza makadi zikwi makumi anayi.

Anthu atatu a komiti yomva pempho lawo loti khadilo lilembetsedwe m'dzina lawo atakhala pansi, a Purice anamwetulira. "Smaranda mwanawe, ntchitoyi ndinakulemba ndine. Tafulumira."

"Zoona, bwana. Kungoti pali pempho lakale la chinthu chomwechi, la 1994. Linakanidwa." Anawerenga ngati akutchula mitengo ya kabichi. "'Kumata envelopu pa khadi si luso. Ngakhale mwana angachite.'"

"Ndi chitsiru chanji chinalemba zimenezo?" anafunsa a Purice.

Mayi Smaranda anawakankhira pepalalo. Siginecha inali ya a Purice, yaikulu, yamichira.

"Nanga wopemphayo anali ndani?" anafunsa wapampando.

"Ilie Dobrescu, wosoka mabuku," anayankha Mayi Smaranda. "Bambo anga. Anatseka shopu chaka chomwecho."

Mayi Smaranda anali atadikira tsikuli zaka makumi atatu, akuyesa kuti likadzafika mtima udzachitapo kanthu. Koma unangoti zii. Anadinda kuti pempho lakanidwa, chidindo chinatuluka chosaoneka, ndipo anapempha a Purice kuti awapatsireko inki.