Msonkho wa Biswick Chimwala

Mayi Petronella Sakala anali ataika dzanja pa envulopu yakhaki, ndipo sankaoneka kuti alichotsa msanga. Biswick Chimwala anakhala moyang'anana nawo, jekete yake ikudontha mvula ya Novembala. Kaofesi kawo kanali pamwamba pa golosale ina ku Tottenham, motero fungo la nsomba zouma linkakwera masitepe limodzi ndi aliyense wodzafuna thandizo pa za misonkho.

M'thumba Biswick anali ndi mapaundi 1,800, zonse zimene anali nazo pa dziko lino. Mumtima ankadziwa kuti sizikwana.

Nkhani yake inali yosavuta. Mkazi wake Tionenji anali ku Zomba, akudikira viza yoti amutsatire. Loya anali atamuuza mosapsatira kuti nzika ya Britain ngati iyeyo yofuna kuitana mkazi izionetsa mapepala oyera. Mapepala a Biswick anali akuda bii. Kale ankayendetsa takisi ya minikabu, ntchito yodzilemba yekha yofuna kudzaza fomu ya msonkho chaka chilichonse. Mu 2003 anapita kumudzi kukadwazika mayi ake, akuti miyezi itatu yokha. Miyezi itatuyo inabala zaka zinayi, chigayo ndi ukwati. Za mafomu anangoti tidzaona.

Panalinso china chimene sanamuuze loya. Pochoka anasiyira msuweni wake Newton chipinda, laisensi, khadi lakuchipatala ndi nambala yogwirira ntchito. Newton analibe mapepala, ndipo chibale ndi fupa. Ambiri ankachita zomwezo: wobwereka dzina amapita kuntchito, n'kumavomera akaitanidwa dzina la mwini wake. Newton anasamalira okalamba ku Edmonton chaka chimodzi, kenaka tsiku lina anangoti khu! pansi ali pantchito.

Bokosi linafika pa ndege. Biswick analinyamula nawo kupita kumanda, ndipo mpaka lero ankakumbukira timabowo tinayi pachivundikiro, pamene wina anachotsapo kachitsulo kolembapo dzina. Anafunsa, koma amene anaperekeza maliro kuchokera ku London anangoti kanapindika m'njira.

Chibwerere mu Ogasiti, Biswick ankagona m'chipinda chomwecho, pabedi lomwelo. Tulo sankationa bwino. Kumaloto wina ankaitana kuti "Biswick!" koma asanatsegule pakamwa, Newton ankavomera kuseri kwa chitseko. Masana nawo sanali abwino. Kutchalitchi anthu ankamupatsa moni akuyang'ana nsapato zake. Mayi Marjorie, namwino amene anayendetsa zotumiza thupi, atamuona pa siteji ya basi anadumpha msewu opanda n'koyang'ana galimoto. Biswick anaganiza kuti n'chifukwa choti iye sanasonkhe nawo kalikonse pa maliro aja, ndipo anachita manyazi.

Chimene chinkamuopsa koposa chinali chete wa boma. Mwini nyumba anamusungira makalata m'katoni, koma ochokera ku ofesi ya misonkho anathera pa Epulo 2004. Biswick ankalidziwa dziko lino. Likakhala chete ndiye kuti likuwerengera, ndipo mlandu suwola. Anaphatikiza m'mutu chindapusa cha zaka zinayi, chiwongoladzanja, ndi malipiro a Newton amene analembedwa pa dzina lake. Akafika pamapeto, ankayambiranso.

Milungu itatu yapitayo anasaina chikalata chololeza Mayi Sakala, odziwa za misonkho ochokera ku Chipata, kuti amufunsire. Lero m'mawa anamuimbira kuti yankho labwera, ndipo si nkhani yokamba pafoni.

Foni yake inanjenjemera m'thumba. Anali Tionenji, akuflasha kachitatu. Anali atagulitsa kale makina ake osokera ndi kutsanzika kwa amayi a kumpingo. Dzulo anafunsa ngati London imazizira kuposa Ku Chawe, ndipo Biswick anaseka mpaka misozi inabwera yeniyeni.

"Mayi, ingondiuzani figala, ndi ndalama zingati," anatero akutulutsa ndalama zija. "Ndalakwa, ndikuvomera. Izi ndi dipoziti. Zotsalazo ndizilipira mwezi ndi mwezi, olo ndigwire ma shifiti awiri. Bola madamu abwere."

Mayi Sakala anayang'ana ndalamazo, kenaka anayang'ana iyeyo nthawi yaitali, monga munthu amayang'anira chithunzi chakale.

"Ba Chimwala, bwezani ndalama zanu mu thumba. Mulibe nkongole olo imozi."

Biswick anamva mwala ukuchoka pachifuwa. Anaseka, n'kuwomba m'manja kamodzi. Mwina Newton, mnyamata wachilungamo uja, anakonza zonse asanapite. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu analiganizira dzinalo popanda mantha, ndipo anafuna kumuimbira Tionenji pomwepo.

Koma mayiwo sanaseke nawo. Anachotsa dzanja pa envulopu, naikankhira kwa iye ndi nsonga za zala.

"Nafunsa na ba Marjorie," anatero motsitsa mawu. "Bakamba ati ku ambulansi banalemba zina yamene inali pa baji ya Newton. Kunchito inshuwalansi inalipila ndeke pa zina yamene iyo. Sembe banakamba zoona, thupi sembe siinayende."

Biswick anatsegula kalatayo. Sinalembedwe kwa iye, koma kwa oyang'anira chuma cha malemu Biswick Chimwala, amene anamwalira ku Edmonton pa 9 Malichi 2004. Timabowo tinayi tija tinabwera m'maso mwake.

"Manje niuzeni," anatero Mayi Sakala, foni yochokera kwa Tionenji ikunjenjemeranso m'thumba mwa Biswick. "Fomu ya viza ya bakazi banu, azasaina ndani?"