Mpata wa Kuchigayo

Chimirireni mudzi, lamulo ndi limodzi: madzi ndi a munthu amene bwato lake likuyandamapo. Choncho a Nyakamera atalanda mpata wopita kuchigayo, pakati pa mlambe ndi denga la tchalitchi, anadzisokera chipewa chausilikali.

"Make Zione, imba nthungululu!" anakuwira akazi awo. "Pano sindisuntha, kaya abwere mabwato khumi!"

Linabwera limodzi lokha, la a Fombe amene analandidwa mpatawo. Kutsogolo kwake kunakhala apongozi a Nyakamera, atafungata thumba la chimanga.

Poti mkamwini amapatukira apongozi panjira, mkulu wankhondoyo anavula chipewa, anazolika, n'kupalasira m'bango.

"Mwaleredwa bwino, akapitawo," anatero a Fombe, akuponya nangula.