Nkhuku Zotemera Katatu

Aise, tamva izi. Mlimi wina anaponya nkhuku yakufa pamapazi pa dokotala wa ziweto.

"Katemera wa chitopa ndapereka katatu, koma khola latsala theka! Munandigulitsa madzi eti?"

Dokotala anaing'amba nkhukuyo n'kupukusa mutu. "Bwana, kachilombo ka gumboro kanalowa kalekale. Kameneka kamatseka pakamwa asilikali a m'thupi kuti asaitanizane. Katemera wanuyo amangogogoda m'nyumba yopanda anthu. Wa gumboro munapereka?"

"Funso lanji limenelo? Mukundiyesa mwana?"

Mkazi wa mlimiyo anatulukira atanyamula kabotolo ka katemera kosatsegula. "Bambo a mwana, si aka? Paja munati tikasunge mufiriji mpaka matendawo atabwera."

Mlimi anayamba kuwerenga malata kudenga.

Ukanakhala iwe ukanayankha chiyani? Tandilembera.