Bushra anawokera udzu m'nyanja

"Kodi kasawala wapita kuti?" Funsoli linavuta pa doko lina kufupi ndi Benga. Ngakhale asodzi akuluakulu sanaliyankhe.

Panali msodzi wina pamenepo, dzina lake Fakiri, amene anagula injini ya boti. Udzu womera pansi pa madzi unkakola injiniyo tsiku lililonse, ndiye anamangirira tcheni cholemera kumbuyo kwa boti kuti auzule.

Mlongo wake Bushra, mlimi wa mpunga, anamuletsa. "Achimwene, kasawalayu ndi ana a chambo, ndipo amabisala muudzumo. Mukauzula apita kuti?"

"Iwe dziwa za mpunga," anatero Fakiri. "Za nyanja tisiyire ife."

Patatha masiku atatu pansi panatsala mchenga wokhawokha. Anzake anamuyamika, nabwereka tchenicho. Bushra anakhoma mitengo m'madzi kutsogolo kwa dimba lake, nauza aliyense kuti tcheni chisafike apo.

Chaka chotsatira kasawala sanaoneke. Kenako chambo chinasowa. Fakiri ankabwera ndi boti lopanda kanthu, ana ake n'kuyamba kuiwala fungo la nsomba. Koma pa mitengo ya Bushra nsomba zinali yakaliyakali.

M'mawa wina Fakiri anapita kwa mlongo wake. "Achemwali, ndiloleni ndiponye ukonde kamodzi kokha. Ana alibe ndiwo."

"Lero ndakhala achemwali? Ukonde ayi. Tengani beseni, pindani buluku."

Bushra anazula udzu pang'ono m'mphepete mwa malo ake, mizu ndi matope omwe, namuphunzitsa kuwokera m'madzi m'mizere, monga achitira ndi mbande za mpunga.

Asodzi anaseka ali kumtunda. "Che Fakiri, mpunga wa m'nyanjawo mukolola liti?"

"Wodya chambo kwawo aseke," anayankha Bushra. "Enanu lowani m'madzi."

Analowa anayi. Udzu wina unafa, anawokeranso. Mwera unazula wina, anawokeranso. Dzinja lachiwiri litatha, Fakiri anasuzumira m'madzi n'kuona tinsomba tambirimbiri tikuthawira muudzu. Anathamangira kudimba akukuwa ngati mwana. Bushra sanaweramuke n'komwe. Anangoti, "Muzisiye zikule."

Phunziro: Udzu wa pansi pa nyanja si zinyalala, ndi nyumba ya nsomba, ndipo nzeru yoteteza nyanja ili pakati pathu pomwe pano. Ife amene tili ndi ana aang'ono timaopa kuti adzangoona chambo pachithunzi. Chonde, tumizani nkhaniyi kwa msodzi mmodzi amene mukumudziwa, ndipo mumupemphe asazule udzuwo.