Kachitini mu Injini ndi Anapiye a Mayi

Panali munthu wina, abale inu, amene anzake ankamutcha Chiphaliwali chifukwa pamsewu sankafuna kuona galimoto ina patsogolo pake. Anali ndi galimoto ya dizilo, zija zokoka ndi matayala onse anayi. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo ine ndikaikumbuka mtima umandiwawa.

Galimoto ija inayamba ulesi. Akaponda moto inkangofuka utsi wakuda bii. Anapita nayo kwa makaniko wake, bambo wachikulire amene wakhala akuikonza kuyambira kale. Bamboyo anatsegula boneti n'kuloza kapaipi kena.

"Mwakaona aka, bwana? Kamatenga utsi pang'ono ku ekizozi n'kuubwezera mu injini. Timati EGR. Valavu yake yadzaza mwaye. Ndisiyireni mawa tsiku lonse, ndimasule nditsuke."

"Tsiku lonse? Ine ndiziyenda pansi?"

"Kuyenda pansi tsiku limodzi sikuthyola mwendo."

Chiphaliwali anachoka akung'ung'udza. Kotsukitsa galimoto anakumana ndi mkulu wina wovala ovolosi yoyera mbee, sipanala ili m'thumba. Dzina lake sanalifunse n'komwe.

"Akulu, galimoto yabwino chonchi mukuidyetsa utsi wake womwe?" anatero mkulu uja. "Inu mungadye zomwe mwasanza? Titseke kapaipiko basi. Mphindi khumi zokha, muona iuluka!"

Mkuluyo anatola chitini cha chakumwa m'bini, anachidula ndi sizasi, anaboola timabowo tiwiri ta mabawuti, n'kulowetsa kachitsulo kaja pakati pa paipi ndi valavu. Kwatha!

Ndipo zoona, eee, galimoto inadzuka! Kungogunda moto pang'ono, vuu! Chiphaliwali anaimba huta msewu wonse mpaka kugalaja kukadzitama.

Makaniko atamva anagwira kukamwa. "Chitini? Bwana, utsi wodutsa pamenepo umatentha kuposa mbaula. Kachitini kameneko kapsa, zidutswa zake zilowa mu injini. Bweretsani ndichotse lero lomwe."

"Nsanje, madala, nsanje! Mnzanu wachita mphindi khumi zomwe inu mumafuna tsiku lonse."

Mawa lake kanyali kachikasu kanayaka pa dashibodi. Mukudziwa zomwe anachita? Anakamata ndi tepi yakuda kuti kasamamusowetse mtendere. Munthu wamkulu ndithu, wa ana atatu!

Tsono akazi ake anali atatha chaka chathunthu akukonzekera kuweta nkhuku. Khola anamanga, pansi anathira utuchi, zomwera ndi zodyera anatsuka n'kuzindandalika bwinobwino. Anaitanitsa anapiye mazana asanu a tsiku limodzi ku famu ina yakutali, kuseri kwa phiri. A kufamuko anawachenjeza kuti anapiye otere safuna kutentha kwambiri panjira, afike m'khola dzuwa lisanakwere.

"Bambo, galimotoyi ili bwino koma?" anafunsa mayiwo m'mawa wa tsikulo. "Ndamva amakaniko anakuletsani zinazake."

"Mayi, inu kwerani muone zodabwitsa. Ola limodzi tabwerako!"

Anakafika bwino. Makatoni asanu analongedwa kumbuyo, anapiye ali tswii tswii galimoto yonse. Mayi aja chimwemwe chake! Anaimbira foni mng'ono wawo kuti amve phokosolo. "Wamva? Ndi anga onsewa! Uyambe kuwiritsa madzi awo akumwa, tikubwera!"

Atafika pachitunda chachitali, Chiphaliwali anaona lole ikukwawa patsogolo. Magazi anamuthamanga.

"Gwirani mpando, mayi!"

Anaponda moto mpaka pansi. Galimoto inabangula, inaidutsa lole ija, mayi akukuwa, iye akuseka. Kenaka khoo! Gogogogo! Injini inagogoda ngati munthu akumenya chitseko ndi hamala, utsi woyera tolo, ndipo inazima. Anayesa kuliza, zii. Anayesanso, zii.

Pamalopo panalibe mtengo, panalibe nyumba, miyala yokhayokha. Lole ija inawadutsa, dalaivala wake akugwedeza dzanja. Foni inkagwira ndi kusiya, mpaka Chiphaliwali anakwera pamwamba pa galimoto kuti amupeze makaniko yemwe uja anamunena wansanje.

Dzuwa linakwera. Mayi anatsitsa makatoni n'kuwaika pansi pa galimoto pamene panali kamthunzi. Anakupiza ndi chivindikiro cha katoni mpaka mkono unachita dzanzi. Madzi a m'botolo lawo ankathira m'kachitsekero n'kumamwetsa mwanapiye mmodzimmodzi. Koma mazana asanu, manja awiri, mungathe? Phokoso lija linayamba kuchepa. Mayi anapitiriza kukupiza, misozi ili chuchuchu.

Makaniko anafika patatha maola atatu ndi chingwe chokokera. Anamasula pomwe panali kachitini kaja n'kutulutsa kamphete kopserera, pakati pali bowo.

"Chapakatichi chili mu injini, bwana. Yonse iyenera kutsika."

Atafika kunyumba, mayi anatsegula makatoni pakhomo pa khola, mng'ono wawo ataima ndi ndowa ya madzi aja. Amoyo anapezeka makumi atatu ndi mmodzi. Anakwana m'beseni limodzi. Atawaika m'khola lalikulu lija, anangounjikana pakona.

Chiphaliwali anayandikira chipewa chili m'manja. "Mayi, pepani, ine sindimadziwa kuti..."

"Munauzidwa," anatero mayiwo osamuyang'ana. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi khasu, n'kumupatsa. "Akufawa mukawakwirire nokha. Ndipo muziwerenga poponya m'dzenjemo."

Anawerenga, abale, mpaka 469.

Phunziro: Wokuuza kuti "tsiku lonse" akukudziwa, wokuuza kuti "mphindi khumi" mawa sudzamuonanso. Osatseka ziwalo za injini ndi nzeru za pamsewu, ndipo nyali ikayaka pa dashibodi pitani kwa makaniko, chifukwa wolira nthawi zambiri amakhala amene wakhala pampando wa pambali panu. Tumizani nkhaniyi kwa madalaivala onse amene mumawadziwa, makamaka aja osamva!