Kompyuta ya Mkamwini Inkangomva Choyamba

Panali munthu wina wolemba mapulogalamu a kompyuta, anzake ankamutcha Pompano chifukwa ntchito iliyonse ankati atha pompano. Sitolo ina ya mankhwala inamupatsa ntchito. Mu detabesi yawo, mosungira mbiri za odwala pa kompyuta, wodwala aliyense anali ndi mndandanda wa zinthu zimene thupi lake limadana nazo. Iwo ankafuna kuti kompyuta izifufuza mndandandawo, ndipo ikapezamo mankhwala amene munthuyo akugula, iziyatsa chofiira.

Pompano analemba mu pulogalamuyo funso loyang'ana chinthu choyamba chokha pa mndandanda. Anayesa ndi odwala ongopeka, aliyense wodana ndi chinthu chimodzi. Zinayenda myaa.

Mnzake wokhala naye tebulo limodzi anasuzumira pa sikirini.

"Achimwene, funso lanuli likugula tomato poona wapamwamba pa mulu. Lizifufuza ngati chilipo china chilichonse pa mndandanda wonse. Ndi kusintha mzere umodzi basi mu pulogalamuyi."

"Iwe, munthu akafunsidwa zomwe amadana nazo amayamba ndi choopsa. Ndani angayambe ndi fumbi? Komabe ndikonza pompano."

Pompano wakeyo sanafike.

Tsiku lina masana mkazi wake anaimba foni.

"Bambo ake, amayi dzino lija lawatupitsa tsaya. Dokotala wina watsopano wawalembera penisilini, akagula ku sitolo yanu ija."

"Si paja amadana naye?"

"Inenso ndimatero. Koma akuti wogulitsa atawafunsa mankhwala amene amadana nawo, anamuyankha kuti mayina achizungu sawasunga, ayang'ane pa kompyuta, anaikonza ndi mkamwini wawo, siinama. Ndiye yayatsa chobiriwira. Kapena ndine ndasokoneza."

Pompano anatsegula detabesi. Mndandanda wa apongozi ake unali apo: fumbi, sopo wonunkhira, mazira, ndipo kumapeto kwenikweni, penisilini. Akuluakulu ndi mmene alili, nkhani amayamba ndi moni, chachikulu amasungira potsanzika.

"Amwa kale?"

"Atenga madzi, alowa kuchipinda."

"Kawalande! Usafunse, thamanga!"

Anamva foni ikugwa pansi, chitseko chikumenyeka, kapu ikusweka. Kenako mawu a mkazi wake patali: "Amayi! Amayi, pumani!"

Pamene ankafika kuchipatala, anapeza mayiwo nkhope yatupa, maso atsekeka, akupumira mu chubu. Mkazi wake sanamuyang'ane n'komwe. Iye anaimbira mnzake uja ali m'khonde.

"Zimitsa pulogalamu ija. Uwauze a sitolo aimbire aliyense amene anagula."

"Ndizimitse liti, achimwene? Pompano?"

Pompano sanaseke.

Mayiwo anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Atayamba kulankhula anaitanitsa mkamwini wawo, iye n'kugwada pafupi ndi bedi.

"Bambo," anatero ndi mawu osasa, "ine ndinanena zonse tsiku lolembetsa lija. Kompyuta yanuyo sinandimve?"

"Inamva choyamba chokha, amayi."

Mayiwo anayang'ana kudenga.

"Ndiye munaipanga yofanana nanu."

Phunziro: Ngati malo amodzi mu detabesi akusunga zinthu zambiri, funso lanu lizifufuza chilichonse mpaka chomaliza, ndipo muziliyesa ndi mndandanda umene choopsa chili kumapeto. Mnzanu akakulozerani mzere umodzi, ukonzeni akadali chiimire pomwepo. Tumizirani anzanu onse olemba mapulogalamu, makamaka aja amati "pa kompyuta yanga zikuyenda". Nawonso ali ndi apongozi.